Dzanzi la usiku limene ndinalinyalanyaza kwa nthawi yoposa chaka

Ndakhala ndikusoka zovala kwa zaka zoposa 25 pakhonde la golosale ina mumzinda wa Blantyre, ndipo ana anga atatu akula ndi ndalama yochokera m'manja mwangamu. Matenda a shuga anandipeza nawo mu 2016, nditaonda kwambiri, ndikumva ludzu losatha ndiponso ndikudzuka kanayi kapena kasanu usiku uliwonse kukataya madzi. Tsiku limenelo makina oyezera anaonetsa nambala yoposa 300 ndisanadye kanthu, pamene anamwino anandiuza kuti munthu akafika pa 126 asanadye m'mawa, ndipo nambalayo ikabwerezeka tsiku lina, amakhala kuti ali ndi matendawa. Anandipatsa metformin ndi glibenclamide, nandilembera m'buku la kuchipatala tsiku lobwereranso.

Sindinganene kuti sanatiphunzitse. M'mawa uliwonse wa kiliniki ya shuga, anamwino ankaima kutsogolo ndi kulongosola za chakudya, za maso, za impso ndi za mapazi, koma ine ndinkakhala kumbuyo mtima uli ku ntchito, ndikuwerengera makasitomala amene akundidikira. Chimene ndinatolapo ndi chimodzi chokha, chakuti ndisiye shuga mu tiyi ndi kuyamba kudya nsima ya mgaiwa. Ndinkaganiza kuti matendawa akathera pamenepo.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, ndinamva kuti anthu a shuga ndiwo ankadwala kwambiri akautenga, choncho ndinaona chipatala ngati malo oopsa ndipo ndinasiya kupita. Mankhwala ndinkagula ku famase ndalama ikapezeka, ikasowa ndinkangokhala, mwina mlungu wathunthu, mwina iwiri. Popeza palibe chimene chinkandipweteka, ndinadzinamiza kuti thupi langa lazolowera. Ichi ndicho chinyengo chachikulu cha shuga: akhoza kukhala wokwera kwa zaka munthu akudya, akuseka, akugwira ntchito, pamene m'kati zinthu zikuonongeka mwakachetechete. Mliriwo utachepa sindinabwererenso, chifukwa ndinkachita manyazi kukaonetsa buku lokhala ndi masamba opanda kanthu.

Dzanzi linayamba kumapeto kwa 2021, nyengo ya maukwati itangotha. Linkandidzutsa cha m'ma 2 koloko usiku, dzanja lamanja lili ngati si langa. Chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati zinkabayabaya ngati ndagwira phukusi la singano, ndipo nthawi zina kutentha kwake kunkakwera mpaka pachigongono. Ndinkadzuka, kukhala pamphepete mwa bedi ndi kukutumula dzanjalo monga mmene munthu amachitira akasamba m'manja popanda chopukutira, ndipo pakapita mphindi zingapo linkatsitsimuka. Bambo a kunyumba ankangotembenuka ndi kunena kuti, "Mwagoneranso dzanja, mayi, tagonani bwino." Nanenso ndinkakhulupirira zomwezo, makamaka chifukwa kukacha ndinkagwira ntchito monga mwa masiku onse. Chinthu chimodzi chimene ndinachiona koma osachitenga ngati nkhani nchakuti kachala kakang'ono kakumapeto sikankachita dzanzi konse. Ndikadadziwa kuti zala zimene zikuchita dzanzi ndi zimene zatsala zimauza dokotala kumene vuto lagona, ndikadalemba zimenezi ndi kupita nazo kuchipatala mwezi womwewo.

Patatha miyezi ingapo dzanja lamanzere linayambanso, ndipo tulo tinakhala ta apo ndi apo. Apa mpamene ndinayamba kufunsa anthu, ndipo aliyense anali ndi yankho lake. Ambiri ankati magazi sakuyenda bwino m'mitsempha. Yankho limeneli linkandimvekera bwino chifukwa m'chilankhulo chathu timatchula mitsempha ponena za njira zodutsa magazi komanso ponena za tizingwe timene timanyamula mauthenga a kumva kukhudza, kutentha ndi ululu kupita ku ubongo. Ine sindinkasiyanitsa ziwirizi, kotero maganizo anga onse anali pa kusungunula magazi. Ndinatafuna adyo wosaphika mpaka makasitomala kumaima patali, ndinamwa madzi a jinja ndi mandimu m'mawa uliwonse, kenako ndinagula mabotolo a mankhwala azitsamba kwa munthu wina woyenda ndi chimkuzamawu pamsika, amene ankati botolo limodzi limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, nyamakazi ndi kusabereka. Ndinagula mabotolo asanu ndi limodzi m'miyezi itatu, ndipo ndalama yake ikadakwanira ulendo wa kuchipatala wa chaka chonse ndi kutsalako. Mankhwalawo ankatsekemera pang'ono, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa chimene anathiramo.

Usiku ululu ukakula ndinkamwa brufen, poyamba piritsi limodzi, kenako awiri, pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Sankathandiza kwenikweni, chifukwa ululu wochokera ku mitsempha yoonongeka sumvera mankhwala oterewa monga umachitira ululu wa dzino kapena wa bondo lotupa, koma ndinkamwabe poti munthu sangakhale manja lende usiku wonse. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti mankhwala a mtundu umenewu akamwedwa nthawi yaitali amalemetsa impso, zimene mwa munthu wa shuga zimakhala kale pachiopsezo.

Cholakwa chachikulu ndinachichita pakati pa 2022. Mayi wina wa kumpingo, wondifunira zabwino ndithu, anandiuza kuti mchemwali wake anachita dzanzi chifukwa cha mapiritsi a kuchipatala, ndipo ine ndinasiyiratu metformin ndi glibenclamide kwa miyezi inayi. M'mawu ake munali kachoonadi kena kamene ndinadzakamvetsa mochedwa: metformin akamwedwa kwa zaka zambiri akhoza kuchepetsa vitamini B12 m'thupi, ndipo kuchepa kwa vitamini ameneyu kumabweretsanso dzanzi. Koma njira yake ndi kuyezetsa magazi ndi kubwezeretsa vitaminiyo, pamene mankhwala a shuga akupitirira kapena akusinthidwa ndi dokotala. Ine ndinataya mankhwala onse, ndipo shuga amene ankaononga mitsempha yanga anapeza mpata wokwera mopanda womuletsa.

Nkhani yotsatirayi ndimaikamba ndi manyazi. Achibale ena anayamba kunong'ona kuti matenda ogwira manja a telala, usiku wokhawokha, si matenda wamba, ndipo maso onse analoza kwa mnzanga wina wosoka pakhonde loyandikana nalo, amene tinkabwerekana ulusi ndi sizasi kwa zaka zambiri. Ndinasiya kumupatsa moni. Ndinalola kuti andiperekeze kwa sing'anga wina kunja kwa mzinda, amene ananditema mphini pamikono yonse iwiri ndi kupakamo mankhwala akuda, ndipo ndinalipira nkhuku ndi ndalama ya yunifomu zinayi. Mphinizo, zimene kwa munthu wina zikadauma m'masiku ochepa, zinatenga milungu itatu zikutuluka madzi. Chimenechi chinali chizindikiro chooneka ndi maso chakuti shuga wakwera kwambiri, koma ine ndinachitanthauzira kuti choipa chikutuluka.

Ntchito inayamba kundikanika pang'onopang'ono. Kulowetsa ulusi pa singano, kumene ndinkachita ndikucheza osayang'ana, kunasanduka nkhondo, chifukwa nsonga za zala sizinkamva kuti ulusiwo uli pati. Mabatani ankandipulumuka, sizasi inkagwa pansi ndikudula nsalu, ndipo m'mawa kumanga chitenje kunkanditengera nthawi. Tsiku lina magetsi atathima ndinagwiritsa ntchito simbi ya makala, ndipo ndinazindikira kuti ndapsa nditaona chithuza pa chala chapakati, osati chifukwa cha kumva ululu. Mwezi womwewo ndinaononga madiresi awiri a operekeza mkwati, sizasi itapatuka pa nsalu yodula, ndipo ndinabweza ndalama ya nsaluyo ndi ya ntchito yomwe. Mayi wa mkwatiyo sanandikalipire, anangonena motsitsa mawu kuti, "Amayi, mwina mwatopa, mupumeko," ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa chipongwe. Usiku umenewo ndinalira mobisa, poganiza kuti manja akapita, pakhomo pathu padzalowa njala.

M'nthawi yonseyi mapazi sindinkawaganizira. Ndikakumbukira tsopano, zizindikiro zinalipo kale manja asanayambe: ndinkamva ngati ndavala sokosi pamene sindinavale, nthawi zina patapata ankavuka ndikuyenda ine osadziwa, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July zala za kumapazi zinkatentha usiku ngati zapakidwa tsabola, kotero kuti bulangete likazikhudza ndinkalikankhira kumbali. Ndinkati nchifukwa chopondaponda makina tsiku lonse. Popeza mapazi sankandilepheretsa kupeza ndalama monga manja, sindinawadandaule kwa wina aliyense.

Zinthu zinatembenuka mu March 2023, patangopita masiku ochepa namondwe wa Freddy atasakaza Blantyre. Nyumba yathu inapulumuka, koma njira zonse zinali matope, ndipo ndinkasokera kunyumba. Madzulo ena mwana wanga wamkazi akukolopa anaima nafunsa kuti, "Amayi, magazi awa akuchokera kuti?" Panali timadontho tofiira kuchokera pa makina mpaka kukhitchini. Anandikhazika pampando, natembenuza phazi langa lamanzere, ndipo anapeza phini wa nsalu atalowa pafupifupi theka pansi pa chala chachikulu, atapindika chifukwa chomuponda. Sindikudziwa kuti ndinayenda naye maola angati. Anamuzula ine ndikuyang'ana, ndipo sindinamve kanthu, ngati akuzula pa nsalu. Mantha amene anandigwira panthawiyo sindinawamvepo chibadwire, komabe sindinapite kuchipatala.

Ndinadikira masiku asanu, ndikuviika phazilo m'madzi otentha a mchere m'mawa ndi madzulo monga tinkachitira kumudzi. Kumeneku kunali kuwonjezera moto pa moto, chifukwa phazi losamva silingakuuze kuti madzi atentha mopitirira, ndipo kuviika kumafewetsa khungu ndi kutsegulira tizilombo njira. Pa tsiku lachisanu phazi linatupa, linafiira mpaka pa kakolo, linayamba kununkha, ndipo thupi lonse linkanjenjemera ngati malungo. Bambo a kunyumba sanafunsenso maganizo anga, anangoitana galimoto. Kwa munthu wa shuga, bala lililonse la kuphazi, ngakhale laling'ono ngati la phini, liyenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo kusamva ululu si umboni wakuti balalo ndi laling'ono.

Kuchipatala makina anaonetsa nambala yoposa 400, ndipo anandigoneka. Anatsegula balalo ndi kuchotsa mafinya ndi mnofu wakufa, anandipatsa mankhwala opha tizilombo kudzera mu diripi, katemera wa kafumbata, ndi jakisoni wa insulin. Ndinakhala m'chipatala masiku 9. Pa bedi loyandikana nane panali mayi wina wachikulire amene anadulidwa mwendo pansi pa bondo, ndipo anandiuza kuti zake zinayamba ndi chithuza chimene anapsa akuotha mbaula m'nyengo yozizira, mapazi atawayandikiza kwambiri pa makala osamva kutentha. Usiku uliwonse ndinkayang'ana bulangete lake pamene linkagwera pansi popanda mwendo, kenako ndi kuyang'ana langa.

Dokotala amene anandiona pa tsiku lachitatu ndiye anali woyamba kumva nkhani ya manja anga, ndipo anaimva chifukwa mwana wanga ndiye anaiyambitsa, ine ndikanangokhala chete. Anatulutsa kaulusi kolimba ka pulasitiki, kooneka ngati ka mbedza, nandiuza kuti nditsinzine ndi kunena "eya" ndikamva kakundikhudza. Anandiyesa kaye pamkono kuti ndidziwe mmene kamamvekera, kenako anapita ku phazi labwinolo. Ndinadikira, ndi kudikirabe, mpaka ndinafunsa kuti, "Mwayamba kodi, adokotala?" Mwana wanga anandiuza pambuyo pake kuti anali atandikhudza kale malo angapo pansi pa phazi. Anamenyanso kachitsulo ka mphanda kamene kamanjenjemera nakaika pa fupa la chala chachikulu cha kuphazi, ndipo sindinamve kunjenjemerako mpaka atakasunthira m'mwamba, pafupi ndi bondo. Kuyeza konseku sikunatenge mphindi khumi, sikufuna magetsi, ndipo munthu wa shuga wa mtundu wachiwiri, monga wangawu, ayenera kuyezedwa chotero pamene wangopezeka ndi matendawa ndiponso kamodzi chaka chilichonse. Ine m'zaka zisanu ndi ziwiri sindinavulepo nsapato pamaso pa dokotala.

Atafika ku manja anandifunsa zala zimene zimachita dzanzi, ndipo nditatchula zitatu zija ndi kunena kuti kakang'ono kamatsala, anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna. Anandiuza kuti ndipinde manja onse awiri ndi kugunditsa misana yake pamodzi, zala zitaloza pansi, kwa mphindi imodzi. Isanathe mphindiyo, dzanzi lija la usiku linabwera masanasana. Anagogoda ndi chala pakati pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono, ndipo ndinamva ngati magetsi athamangira ku nsonga za zala. Kenako anandionetsa mnofu wa patsinde pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, umene unali utaphwa poyerekeza ndi wa kumanzere, chinthu chimene ine mwini dzanja sindinachione.

"Mayi, muli ndi mavuto awiri osiyana, ngakhale onse shuga akuwathandizira," anatero. Loyamba linali kuonongeka kwa mitsempha yonyamula mauthenga chifukwa cha shuga wokwera kwa nthawi yaitali, amene amaononga mitsemphayo ndiponso timitsempha ta magazi timene timaidyetsa. Vuto limeneli limayamba ndi mitsempha yaitali kwambiri, nchifukwa chake limayambira ku zala za kumapazi onse awiri ndi kumakwera pang'onopang'ono ngati sokosi, ndipo kawirikawiri limafika ku manja pamene lakwera kale m'miyendo. Anati pafupifupi theka la anthu a shuga amakumana nalo m'moyo wawo. Lachiwiri, limene linkandidzutsa usiku, analitchula kuti carpal tunnel syndrome. Pamfundo ya dzanja pali kanjira kopapatiza kamene mtsempha wopita ku chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chotsatira umadutsamo, ndipo mtsemphawo ukapanikizika m'kanjirako zala zimenezi zimachita dzanzi, pamene kachala kakang'ono kamatsala chifukwa kali ndi mtsempha wina. Usiku zimakula chifukwa munthu akagona manja amapindika okha. Anthu a shuga amalipeza vutoli kawirikawiri kuposa anthu ena, ndipo ntchito ya sizasi ndi singano tsiku lonse inkangowonjezera.

Sanathamangire kunena kuti zonse ndi shuga. Anandifunsa ngati ndimamwa mowa, ngati ndinamwapo mankhwala a TB, popeza isoniazid amabweretsa dzanzi akamwedwa popanda vitamini B6, ndiponso ngati ndinamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine, amene anasautsa anthu ambiri m'dziko muno asanawasiye. Anayang'ananso khungu langa ngati lili ndi zigamba zosamva kukhudza, zimene zimaoneka pa matenda a khate. Zonsezi kwa ine kunalibe, koma ndinaphunzirapo kuti dzanzi lili ndi magwero ambiri, ndipo munthu sangalizindikire yekha pongomva za mnzake.

Funso limene ndinafunsa ndi lomwe aliyense amafunsa, lakuti kodi zidzabwerera mwakale. Anandiyankha mosabisa kuti vuto la pamfundo ya dzanja limachizika, makamaka likagwidwa msanga, koma mitsempha ya kumapazi imene yafa kale siibwerera kawirikawiri, ndipo ntchito yathu inali kuteteza imene yatsala. Ndinakwiya, osati ndi iye, koma ndi miyezi yambirimbiri imene ndinathera pa adyo, mabotolo ndi mphini.

Nditatuluka, bala linatenga milungu isanu ndi iwiri kuti litsekeke, ndikupita kukatsukitsa kawiri pa mlungu, ndipo nthawi yonseyi makina anali ataphimbidwa ndi nsalu chifukwa anandiletsa kuponda. Tinadya ndalama yonse ya ku banki m'khonde ndi kukongola ina. Magazi ena anafunika kukayezetsa ku labotale yolipira. Kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, kunatuluka 11, pamene anthu ambiri a shuga amauzidwa kuti ayesetse kukhala pansi pa 7. Vitamini B12 anapezeka wochepa, ndipo anandipatsa majakisoni ake. Impso zinali zitayamba kuonetsa kutopa, ndipo brufen anandiletseratu.

Za manja anandiuza kuti ndigule chomangira cholimba chovala usiku, chimene chimagwira mfundo ya dzanja kuti isapindike munthu ali m'tulo. Ndinagula chimodzi ku famase, ndipo chinacho ndinasoka ndekha mothandizidwa ndi mwana wanga potengera choyambacho, nditakachionetsa kwa a fizo, achipatala othandiza kulimbitsa minofu ndi mfundo, kuti atsimikize kuti chikugwira dzanja mowongoka. Masiku oyamba chinkandisowetsa mtendere ndipo ndinkachivula pakati pa usiku, koma pofika mlungu wachitatu ndinagona mpaka tambala kulira, kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambirimbiri. Chinthu chotchipa chotere, chimene mtengo wake sunafike pa mabotolo awiri a pamsika aja, ndicho chinathetsa dzanzi la dzanja lamanzere. Lamanja, limene linapanikizika nthawi yaitali, linafuna jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, pamfundopo, ndipo anandichenjeza kuti jakisoniyo amakweza shuga kwa masiku angapo, zimene zinachitikadi. Linapeza bwino, koma mphamvu ya chala chachikulu siinabwerere yonse, ndipo anandiuza kuti dzanzi likabwereranso padzafunika opaleshoni yaing'ono yomasula kanjira kaja.

Pa kutentha kwa mapazi usiku anandipatsa amitriptyline wochepa mphamvu, womwa pogona. Ndiyenera kunena zoona kuti mlungu woyamba ndinkadzuka mutu uli wolemera, m'kamwa mouma ngati ndadya ufa, ndipo ndikaimirira mofulumira ndinkachita chizungulire. Ndinatsala pang'ono kumusiya, koma nthawi ino ndinabwerera kukafunsa m'malo modzigamulira ndekha, ndipo anandilangiza kumwa mofulumirirapo madzulo ndi kudzuka pang'onopang'ono. Patatha milungu itatu kutentha kunachepa, ngakhale sikunatheretu. Mankhwala amenewa amachepetsa ululu wokha, sabwezeretsa kumva, kotero phazi limene lasiya kutentha likhoza kukhalabe losamva phini.

Insulin ndinkamuopa kwambiri, chifukwa kwathu amati munthu akayamba jakisoni ndiye kuti watsala pang'ono. Ndakhala ndikudzibaya kuyambira nthawi imeneyo ndipo ndili moyo, ndikugwira ntchito. Popeza magetsi ndi osadalirika, botolo limene ndikugwiritsa ntchito ndimalisunga m'kachitini kotseka bwino mkati mwa mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamalo a mthunzi, monga anandiphunzitsira anamwino. Kamodzi ndinadzibaya m'mawa ndi kuchedwa kudya chifukwa cha kasitomala wofulumira, ndipo ndinayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, maso akuchita mdima, mpaka mwini golosale anandimwetsa madzi a shuga. Kuyambira pamenepo m'thumba la epuloni simusowa maswiti atatu. Ndalama ya kwacha itagwa mu November 2023, timapepala toyezera shuga kunyumba tinakwera mtengo kwambiri, ndipo ndinagwirizana ndi adokotala kuti ndiziyeza masiku ochepa pa mlungu koma pa nthawi zosiyanasiyana, ndi kulemba manambalawo kumbuyo kwa buku la miyezo ya makasitomala.

Kwa mnzanga wa pakhonde loyandikana uja ndinapita ndekha kukapepesa, bala litangopola. Ndinamufotokozera zonse, ngakhale za mphini, ndipo anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Ndinkadabwa kuti ndakulakwirani chiyani, asisi." Ndiye amene anandigulira kachida kolowetsera ulusi pa singano, ndipo masiku ano ntchito ya mabatani ndi yosoka pamanja ndimapereka kwa iye, ine ndi kutenga zake zodula ndi zosoka pa makina. Ndinasintha sizasi ndi kugula yokhala ndi zogwirira zazikulu zofewa, ndipo ola lililonse ndimaima kwa mphindi zochepa kuwongola manja. Ndimasoka pang'ono poyerekeza ndi kale, ndipo ndalama imene ndimapeza yatsika.

Mapazi sanabwerere. Pansi pa zala mpaka pakati pa phazi sindimva bwino mpaka lero, koma dzanzilo silinakwerenso, ndipo HbA1c yanga yomaliza inali pang'ono pamwamba pa 7. Sindiyendanso wopanda nsapato ngakhale m'nyumba, patapata ndinawasiya ndi kuyamba nsapato zotseka zokhala ndi malo okwanira zala, ndipo ndisanavale ndimazigwedeza ndi kupisamo dzanja. Madzi osamba ndimayesa ndi chigongono, mbaula ndimaiotha patali, ndipo zikhadabo ndimawenga mowongoka, osati ndi lezala monga kale. Tsiku la kiliniki ndimavula nsapato ndi sokosi ndisanalowe m'chipinda cha dokotala, kuti ngakhale mzere utalike bwanji asandilembere mankhwala asanaone mapazi.

Madzulo aliwonse ndikaweruka ndimakoka maginito omangidwa ku chingwe pansi ponse pozungulira makina, ndipo sipalephera kukwera maphini atatu kapena anayi amene maso sanawaone. Ndikafika kunyumba ndimasamba mapazi, kupukuta pakati pa zala, kupaka mafuta kuzidendene koma osati pakati pa zalazo, ndi kuika kagalasi pansi kuti ndione kunsi kwa phazi lililonse. Masiku amene maso atopa, mdzukulu wanga wa zaka 8 ndiye amagwira tochi ya foni, nawerenga zala chimodzichimodzi mokweza mawu, ndipo akamaliza amanena kuti, "Agogo, lero kulibe."